Mpando wa Dalaivala Ngobwereka

Wati ukufuna kukhala dalaivala wa mpikisano, dzina lako lizilembedwa m'mbali mwa galimoto, chakudya chako chizichokera pa chiwongolero. Sindikuletsa, mwana wanga. Ndi ntchito yokongola, ndipo anthu amene amaigwira bwino ndimawapatsa ulemu waukulu. Koma ine ndakalambira kuseri kwa ntchitoyi, kumbali ya sipana ndi jeke, m'magalaja a ku Joni kumene galimoto imabwerera ikatha kuthamanga. Zimene munthu amaona ali kumeneko si zimene iwe umaona pa kanema Lamlungu masana. Ndinaona anyamata aliwiro akufika ndi zisoti zonyezimira, ndinawaonanso akulongedza zikwama chaka chisanathe. Ambiri mwa iwo sanachotsedwe chifukwa chochedwa ayi. Ndalama zolipirira mpando zinatha, kapena panafika wina wa thumba lolemera, kapena anthu a m'timu anangotopa nawo. Mpando umene udzakhalepo sudzakhala wako. Pali munthu amene adzakhala ataulipirira, ndipo tsiku lina adzaufuna. Zonse zimene ndikuuze zikuchokera pamenepo.

Tiyambire pamwamba pamene pali maso akopo. Mu Formula 1 munali mipando 20 yokha mu 2025, ndipo yafika pa 22 mu 2026 chifukwa cha timu yatsopano ya Cadillac. Imeneyo ndi ya dziko lonse lapansi. Kuti uloledwe n'komwe kupikisana nawo, bungwe la FIA limafuna ukhale ndi Super Licence, chiphaso chimene sichiperekedwa kwa munthu amene sanasonkhanitse mapointi 40 m'mipikisano yapansi m'zaka zitatu. Makwerero ake ngodziwika: tigalimoto ta kart ukadali mwana, kenako Formula 4, Formula 3, Formula 2. Ukakwera sitepe imodzi mtengo umakweranso, ndipo chaka chimodzi cha Formula 2 m'timu yabwino chimadya ma euro oposa 2 miliyoni. Usamve molakwa: ndalama zimenezo sakukupatsa iwe, ndiwe ukupereka. Ndiye taona zimene zimachitika pansonga pa makwererowo. Davide Valsecchi anakhala katswiri wa GP2, mpikisano umene lero ukutchedwa Formula 2, mu 2012. Fabio Leimer anamutsatira mu 2013. Onse awiri sanathamangepo mpikisano wa Formula 1 ngakhale umodzi. Felipe Drugovich anapambana mu 2022, Théo Pourchaire mu 2023, ndipo chaka chotsatira aliyense wa iwo anapeza mipando yonse ili ndi eni. Ngakhale Oscar Piastri, amene anatenga Formula 3 mu 2020 ndi Formula 2 mu 2021 motsatizana, anakhala chaka chonse cha 2022 akuonerera anzake. Anthuwa anachita zonse zimene dalaivala angachite ndi manja ndi mapazi ake, koma khomo linatsegulidwa kapena kutsekedwa ndi anthu ena.

Unditchulira Lewis Hamilton, ndikudziwa, ndipo ukuyenera kumutchula. Mwana wakuda wa ku Stevenage, wobadwa mu 1985 m'banja lopanda chuma, lero ali ndi zikho zisanu ndi ziwiri za dziko lonse. Koma nkhani yake uimve yonse. Anayamba kart ali ndi zaka 8. Bambo ake, a Anthony, ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti agule matayala ndi mafuta, Loweruka n'kukhalanso makaniko wa mwana wawo. Mu 1995, ali ndi zaka 10, mnyamatayo anakadzionetsa yekha kwa Ron Dennis, mkulu wa McLaren, pa mwambo wopereka mphoto. Mu 1998 McLaren ndi Mercedes anamutenga, ali ndi zaka 13, ndipo kuyambira pamenepo mtolo wa ndalama unachoka pa phewa la bambo ake. Anakwera mwadongosolo: Formula Renault ya ku Britain mu 2003, Formula 3 ya ku Ulaya mu 2005, GP2 mu 2006, Formula 1 mu 2007. Luso linali lake, palibe angamulande. Koma zaka zonsezo panali anthu amene anamusenza, ndipo iye anadziwa kuwasunga. Zinanso anazipirira. Kumayambiriro kwa 2008, akuyesa galimoto ku Barcelona, anthu ena oonerera anadzipaka zakuda kumaso n'kumamunyoza chifukwa cha khungu lake. Chaka chomwecho anatenga chikho chake choyamba. Ukadzapita kumaiko amenewo, zoterezi usadzadabwe nazo, ndipo zisadzakuchotse pa njira.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene udzakumane nawo uli ndi zaka 18 anayamba kugwira chiwongolero asanathe kuwerenga bwinobwino. Max Verstappen analowa Formula 1 mu 2015 ali ndi zaka 17, bambo ake atakhalapo dalaivala wa Formula 1, mayi ake atakhalapo katswiri wa kart. Ngati wafika zaka 20 usanakhalepo mu kart ya mpikisano, khomo la Formula 1 kwa iwe latsala kamng'alu chabe. Zimandiwawa kukuuza, koma ndi bwino umve kwa ine kusiyana n'kuti uzindikire makolo ako atasala opanda kalikonse. Makomo ena alipo, tifikako.

Nkhani ya makolo ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi imene imandisowetsa tulo. Makolo a Esteban Ocon, ku France, anagulitsa nyumba pamodzi ndi galaja ya bambo ake, banja lonse n'kumakhala m'kalavani, kuyendayenda kumene kuli mpikisano. Mnyamatayo sanawagwiritse mwala: mu 2014 anatenga Formula 3 ya ku Ulaya, Verstappen akumaliza wachitatu. Analowa Formula 1, n'kumachita bwino ku Force India. Mu 2018 timuyo inagwa m'ngongole, ndipo inagulidwa ndi gulu la anthu a chuma lotsogozedwa ndi Lawrence Stroll. Mu 2019 mpando wa Ocon unali wa Lance, mwana wa Stroll. Ocon anakhala chaka chathunthu osathamanga. Anabwerera mu 2020, n'kupambana ku Hungary mu 2021, choncho nkhaniyi imakambidwa mokoma. Niki Lauda nayenso anakongola ndalama kubanki kuti agule mpando ku timu ya March mu 1972, anapitiriza ndi ngongole ku timu ya BRM mu 1973, ndipo anapulumuka chifukwa Ferrari inamutenga mu 1974. Mayina awiriwa umawamva chifukwa juga yawo inawayendera. Amene sinawayendere salembedwa m'magazini. Ndinawaona bambo wina amene anagulitsa malole ake, limodzi limodzi, kuti mwana wawo amalize zaka ziwiri za mpikisano. Mwanayo anali ndi dzanja labwino ndithu. Chaka chachitatu panalibenso chogulitsa, ndipo azing'ono ake anasiya sukulu yabwino imene ankaphunzira. Bamboyo sanadandaulepo pamaso pathu, koma mnyamatayo sankathanso kuwayang'ana m'maso. Makolo amakonda mopitirira nzeru nthawi zina. Iwe ndiwe uyenera kuwaletsa. Khalani pansi musanayambe, mugwirizane malire, ndipo nyumba yogonamo ndi fizi ya abale ako zikhale kunja kwa malirewo.

Ndalama zikapanda kuchokera kunyumba zichokera kwa masiponsa, ndipo mwambo umenewu unayambira pafupi ndi kwathu kuno. Pa 1 January 1968, pa bwalo la Kyalami, John Love ndi Sam Tingle a ku Rhodesia anatulutsa galimoto zopakidwa mitundu ya fodya wa Gunston. Aka kanali koyamba kuti galimoto za mpikisano wa dziko lonse wa Formula 1 zivale mitundu ya kampani yolipira m'malo mwa mtundu wa dziko. Kuyambira pamenepo dalaivala ndi wamalondanso, afune asafune. Achinyamata ambiri amalakwitsa pano: amapita kwa mwini kampani ndi maloto awo, n'kumafotokoza momwe amakondera liwiro. Mwini kampani sagula maloto. Akufuna adziwe kuti anthu angati aona dzina lake, makasitomala ake uwalandira bwanji akabwera kudzaonerera, ndipo Lolemba m'mawa alandira chiyani kuchokera kwa iwe. Phunzira kulemba kalata yaifupi yomveka. Mpikisano ukatha, kaya wapambana kaya galimoto yafera panjira, tumiza lipoti ndi zithunzi usanafunsidwe. Akakuitana ku shopu yake Loweruka, fika nthawi isanakwane, utavala bwino, ndipo upereke moni kwa wosesa monga momwe waperekera kwa bwana. Ndinaona dalaivala wa liwiro lapakatikati akusunga siponsa mmodzi zaka zambirimbiri chifukwa cha zimenezi, pamene womuposa liwiro ankasaka watsopano chaka ndi chaka. Ndipo pepala lililonse limene akupatsa kuti usayine, ulitengere kaye kwa loya wako, osati wawo. Uone kuti galimoto ikaphwanyika alipira ndani, akhoza kukuchotsa pa zifukwa ziti, ndipo maneja amene akulonjeza kukutsegulira makomoyo adzadya gawo lanji la malipiro ako, kwa zaka zingati.

Tsopano tilowe m'galimoto. Chimene chimasunga dalaivala pa mpando, kupatula ndalama, ndi pakamwa pake akatsika. Injiniya ali ndi kompyuta imene imamuonetsa paliponse pamene unaponda buleki, mphamvu imene unaponda nayo, giya imene unali, ndi pamene unayambanso kuponda mafuta. Sungamunamize. Koma kompyuta siimva zimene msana wako ukumva. Ukatsika n'kunena kuti galimotoyi siili bwino, sunanene kanthu, ndipo anthu khumi agwira ntchito usiku wonse mongoganizira. Koma ukati, pa kona yachitatu ndikangomasula buleki mphuno ikukana kukhota, pamene pa kona yothamanga ija kumbuyo kukuthawa ndikaponda mafuta, ndipo zikukula matayala akatentha, injiniya adziwa pogwira: sipuling'i, mpweya wa m'matayala, phiko lakutsogolo, kapena kagawidwe ka buleki. Kuti ulankhule chonchi uyenera kuidziwa galimoto mkati mwake. Juan Manuel Fangio, wa ku Balcarce ku Argentina, anakulira m'galaja akumasula mainjini asanakhale dalaivala. Anatenga zikho zisanu ndi matimu anayi osiyana, Alfa Romeo, Maserati, Mercedes ndi Ferrari, chomaliza mu 1957 ali ndi zaka 46. Ankadziwa chimene chitsulo chingapirire ndi chimene sichingapirire, choncho ankafikitsa galimoto kumapeto pamene ena ankaithyolera panjira.

Za Fangio pali nkhani ina imene ndimafuna mwana aliyense aidziwe. Ku Monaco mu 1950 galimoto zambiri zinawombana pa kona ya Tabac kumayambiriro kwa mpikisano, iye ali kutsogolo, osaona chimene chachitika kumbuyo kwake. Pozungulira kachiwiri, akuyandikira malowo, anaona kuti anthu oonerera sakuyang'ana iye, mtsogoleri wa mpikisano. Nkhope zonse zatembenukira kwina. Anaponda buleki asanaone chilichonse, n'kudutsa bwinobwino pakati pa galimoto zophwanyikazo, ndipo anapambana. Maso a dalaivala weniweni sakhala pa mphuno ya galimoto. Amakhala kutali, ndipo mutu umakhala ndi mpata woganiza ngakhale pa liwiro loopsa. Mpata umenewo sudza ndi kulimba mtima. Umadza ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka manja azichita okha.

Mdani wako woyamba adzakhala mnzako wa m'timu, chifukwa ndi yekhayo amene ali ndi galimoto yofanana ndi yako. Akakuposa, usanene kuti akukonderedwa usanakhale pansi n'kuyerekeza mizere yake ya pa kompyuta ndi yako. Kawirikawiri upeza kuti akukusiya pa makona awiri okha, ndi kagawo kakang'ono ka sekondi, ndipo kagawo kameneko kakhoza kuphunziridwa. Amakaniko nawo uwasamale. Sindikunena izi chifukwa ndinali mmodzi wa iwo. Ukaphwanya galimoto Loweruka madzulo, iwe ukagona ku hotela, iwo akesa nayo mpaka tambala. Dalaivala amene amabwera m'galaja kudzapepesa, kutibweretsera tiyi, kukhala nafe ngakhale ola limodzi akugwira tochi, tinkamumangira galimoto ndi mtima wonse. Amene ankaponya magolovesi pansi n'kutuluka osalankhula, galimoto yake inkamangidwanso bwino, pakuti moyo wa munthu saseweretsa, koma mwini timu akatifunsa kumapeto kwa chaka kuti tikuganiza bwanji za iye, tinkanena zoona. Eni matimu amafunsa, ndipo amafunsananso okhaokha.

Thupi ndilikhudza mwachidule. Galimoto ya Formula 1 ikaponda buleki kapena kudutsa kona yothamanga, mutu ndi chisoti zimalemera kasanu kuposa kulemera kwake, ndipo khosi losakonzeka limagonja mpikisano usanafike pakati. Kumalo otentha dalaivala amatha kutsika makilogalamu awiri kapena atatu ndi thukuta lokha. Ku Qatar mu 2023 Ocon anasanzira m'chisoti ali pa liwiro, Logan Sargeant analephera kumaliza chifukwa cha kutentha. Thamanga, palasa njinga, limbitsa khosi, gona nthawi yake. Mowa ndi ntchito imeneyi siziyendera limodzi.

Za imfa sindikuzembetsa. Mu 1966 Jackie Stewart anachita ngozi ku Spa mvula ikugwa, n'kukanirira m'galimoto kwa mphindi pafupifupi 25, petulo akumunyowetsa thupi lonse. Panalibe dokotala pafupi, panalibe zida. Madalaivala anzake awiri, Graham Hill ndi Bob Bondurant, anachita kubwereka masipana kwa munthu woonerera kuti amasule chiwongolero amutulutse. Kuyambira pamenepo Stewart ankamatirira sipana m'galimoto yake, ndipo anayamba kulimbana ndi eni mabwalo kuti aike zotchinga, madokotala ndi ozimitsa moto. Ambiri anamutcha wamantha, munthu amene anatenga zikho zitatu. Mu October 1973 mnzake wa m'timu, François Cevert, anafa ku Watkins Glen, ndipo Stewart sanathamangenso. Woyamba kufika pa ngoziyo anali Jody Scheckter wa ku East London, South Africa, mnyamata amene miyezi itatu m'mbuyomo anachititsa ngozi yaikulu ku Silverstone chifukwa cha phuma, mpaka madalaivala anzake anafuna aletsedwe kuthamanga. Zimene anaona tsiku limenelo zinamusintha. Anakhala dalaivala wodekha, wowerengera, ndipo ndi Scheckter wodekhayo amene anatenga chikho cha dziko lonse ndi Ferrari mu 1979.

Roland Ratzenberger anafa ku Imola pa 30 April 1994, atalimbana zaka zambiri kuti apeze ndalama za mpando wa mipikisano isanu yokha. Mawa lake, pa 1 May, anafa Ayrton Senna. Jules Bianchi anawomba thirakitala yochotsa galimoto ina ku Suzuka mu October 2014, mvula ikugwa, ndipo anamwalira mu July 2015 ali ndi zaka 25. Anthoine Hubert anafa ku Spa mu 2019, mu Formula 2, ali ndi zaka 22. Chida chilichonse chimene chidzakuteteze chinabwera maliro atachitika: chogwira khosi cha HANS, chimene chinakhala lamulo mu Formula 1 mu 2003, ndi chitsulo cha halo chozungulira mutu, cha mu 2018. Romain Grosjean anali mmodzi mwa otsutsa halo. Mu November 2020 ku Bahrain galimoto yake inalowa m'chitsulo chotchinga njira, kuduka pakati n'kuyaka, iye n'kutuluka m'motomo atapsa manja, ndipo anavomera yekha kuti halo ndi imene inamupulumutsa. Choncho usadzagule chisoti chotchipa kuti ndalama itsale ya matayala. Usadzavale ovolosi yosapirira moto chifukwa kwatentha. Lamba akatha nthawi yake, taya. Ndipo udziwe kuti kuchotsa phazi pa mafuta ndi gawo la luso. Lauda anapsa koopsa ku Nürburgring pa 1 August 1976, anabwerera patatha masabata asanu ndi limodzi n'kumaliza wachinayi ku Monza, mabala asanapole. Palibe angamunene mantha munthu ameneyo. Koma pa mpikisano womaliza wa chakacho, ku Fuji, mvula itachuluka moti njira sinkaoneka, anangozungulira kawiri n'kuimika galimoto. Chikho chinapita kwa James Hunt ndi pointi imodzi. Lauda anachitenganso mu 1977, komanso mu 1984, ali wamoyo.

Apa ndikweza mawu. Msewu wa anthu onse si bwalo la mpikisano. Pa bwalo aliyense akulowera kumodzi, pali mchenga ndi matayala zokugwira ukaphonya, pali ogwira mbendera pa kona iliyonse, ambulansi ili chire. Pa M1 pali ana a sukulu, akabaza, mbuzi, ndi lole yofera pakona usiku yopanda nyali. Mike Hawthorn anatenga chikho cha dziko lonse mu 1958, n'kusiya mpikisano, ndipo mu January 1959 anafera pa msewu wamba pafupi ndi Guildford. Giuseppe Farina, katswiri woyamba wa Formula 1 mu 1950, anaferanso pa msewu wamba ku France mu 1966. Ngati msewu sunawasiye amenewo, iwe sukakusiya. Mnyamata wothamangitsa galimoto ya bambo ake usiku m'tauni sakuphunzira ntchito imeneyi. Akuika miyoyo ya eni ake pa chiswe, ndipo palibe timu imene imafuna munthu wotere.

Ndinati makomo ena alipo, ndipo si achabechabe. Tom Kristensen wa ku Denmark sanathamangepo mpikisano wa Formula 1, koma anapambana Le Mans, mpikisano wa maola 24, kasanu ndi kanayi pakati pa 1997 ndi 2013. Kumeneko galimoto imodzi imakhala ndi madalaivala atatu, ndipo makampani opanga galimoto amalipira bwino munthu wodalirika amene saphwanya katundu. Sheldon van der Linde wa ku South Africa anatenga ukatswiri wa DTM ku Germany mu 2022 ndi BMW. Giniel de Villiers anapambana Dakar mu 2009. Kwa iwe mtsikana, Michèle Mouton wa ku France anayamba ngati wowerenga njira pambali pa dalaivala, kenako anagwira yekha chiwongolero, ndipo mu 1982 anamaliza wachiwiri pa dziko lonse mu rally ndi Audi Quattro. Ngakhale masewera a pa kompyuta atsegulapo khomo: Jann Mardenborough anapambana GT Academy mu 2011, ndipo mu 2013 anali wachitatu m'gulu lake ku Le Mans. Kompyuta ikuphunzitsa mizere ya makona ndi malo opondera buleki pa mtengo wochepa, ndipo uigwiritse ntchito. Siikuphunzitsa kulemera kwa ngozi yeniyeni. Mu 2015 galimoto ya Mardenborough inauluka ku Nürburgring n'kugwera kwa oonerera, munthu mmodzi n'kufa, ndipo mnyamatayo anayenera kusenza zimenezo.

Kuno ku Africa mpikisano umene unazika mizu ndi rally, wa m'misewu yafumbi. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953. Joginder Singh anaipambana katatu, Shekhar Mehta kasanu, ndipo inabwerera pa ndandanda wa dziko lonse mu 2021. Tsidya la malire, ku Zambia, Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse kasanu ndi katatu, ndipo mu 2022 Leroy Gomes anatenga chikho chomwecho, mkazi wake Urshlla akumuwerengera njira. Ukawayang'anitsitsa madalaivala a rally a kuno, ambiri ali ndi bizinesi imene imadyetsa galimoto, osati galimoto kudyetsa iwo. Si chamanyazi chimenecho. John Love uja, wa ku Bulawayo, mwayi wake wa ku Ulaya unatha atathyoka mkono pa ngozi ku Albi mu 1962. Anabwerera kwawo, n'kumathamanga ndi galimoto zakezake, ndipo anakhala katswiri wa South Africa zaka zisanu ndi chimodzi motsatizana, kuyambira 1964 mpaka 1969. Pa 2 January 1967, ali ndi zaka 42, anatsogolera Grand Prix ya ku Kyalami ndi Cooper yakale, akatswiri a dziko lonse ali kumbuyo kwake. Atatsala pang'ono kumaliza, vuto la mafuta linamuimitsa, Pedro Rodríguez n'kumudutsa. Anamaliza wachiwiri. Munthu ameneyo anathamanga mpaka ukalamba chifukwa anali ndi poimira pake kunja kwa galimoto.

Poimira pamenepo uyambe kupamanga lero. Ntchito ya dalaivala ndi yaifupi, ndipo imatha mosachenjeza. Scheckter, katswiri wa 1979, anapeza mapointi awiri okha mu 1980 chifukwa galimoto ya chaka chimenecho inali yofooka. Anasiya ali ndi zaka 30, anakachita bizinesi ku America, kenako anakhala mlimi ku Laverstoke Park ku England. Nico Rosberg anasiya patangotha masiku asanu atatenga chikho cha 2016. Amenewa anasankha okha. Robert Kubica sanasankhe: mu February 2011 chitsulo cha m'mbali mwa msewu chinalowa m'galimoto yake pa rally ina ku Italy, mkono wamanja unatsala pang'ono kuduka, ndipo mpando wake wa Formula 1 unapatsidwa kwa wina chaka chisanayambe. Anabwerera mu 2019, ndipo mu 2025 anapambana Le Mans, koma zaka zake zabwino kwambiri zinapita. Usasiye sukulu chifukwa cha kart. Masamu ndi sayansi ndi zimene zidzakuthandize kumvana ndi injiniya, Chingerezi chabwino ndi chimene chidzakuthandize kwa siponsa, ndipo zonsezo zidzakhala nawe mpando ukadzatengedwa. Pa dalaivala mmodzi wa timu yaikulu pali anthu mazanamazana amene akudyera mpikisano womwewo: mainjiniya, amakaniko, owotcherera, oona za matayala, aphunzitsi a madalaivala, oyendetsa malole a timu. Ambiri a iwo amafika pa penshoni ali pa ntchito imene amaikonda.

Ngati mtima wako sunasinthe pambuyo pa zonsezi, ndakondwa, ndipo choyamba kuchita si kugula chisoti. Fufuza kumene kuli mpikisano weniweni, wa malamulo, umene ungafikeko: rally ya ku Zambia, bwalo la Donnybrook ku Harare, Zwartkops pafupi ndi Pretoria, Killarney ku Cape Town. Ukapemphe timu ina kuti uzinyamula matayala, kutsuka magiya ndi kugwira jeke, ngakhale osalipidwa. Ufike woyamba, uchoke womaliza, ndipo uzimvetsera zimene dalaivala akuuza injiniya akangovula chisoti. Utenge kope. Ufunse mtengo wa matayala anayi, ndipo ufunse kuti amatha angati Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Ufunse za mafuta, za chiphaso, za ndalama yolowera mpikisano, za mayendedwe ndi malo ogona, za injini ikaphulika, za ngozi imodzi yaikulu, pakuti idzachitika. Uwonkhetse zonsezo, uchulukitse ndi mipikisano ya chaka chonse, ndipo kopelo ukawaonetse makolo ako asanagulitse kanthu kalikonse.